Nkhuku ya Mphete Yofiira

Pepani kuti ndalimba mtima kugwira cholembera. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, yoyendera, ndipo zimene ndikufuna kunena pano zikukhudza ntchito ya anthu ophunzira kwambiri. Ndikaphonya mawu ena a ntchitoyo mundikhululukire. Ndalemba chifukwa nkhaniyi inanenedwa mosiyanasiyana ku Chikanda, ndipo nthawi zonse ndikapatsidwa mpata woinena ndekha, pakamwa pankauma.

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinabwera ku Zomba kudzakhala ndi achemwali anga ndi amuna awo. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, ku Chikanda, kuseri kwa nyumba zogona ana a sukulu ya ukachenjede. Ine ndinkagona pabalaza, m'mawa n'kupinda mphasa anthu asanadzuke. Alamu anali kalipentala, munthu wa nthabwala, ndipo sanandiyang'anepo ndi diso loipa pa chakudya. Komabe ndinkadziwa kuti pakamwa panga ndi powonjezera. Ndinkatunga madzi, kusesa, kutsuka mbale, chilichonse choti ndisaoneke ngati mtolo.

Ntchito inapezeka kudzera mwa mkulu wina wa kutchalitchi kwathu. Panali mayi wina wophunzira za ziweto, amene tonse tinkangomutchula kuti adokotala. Ankachita kafukufuku wa nkhuku, ndipo ankafuna munthu wosamala, wodziwa kulemba manambala, wosamwa. Khola lawo linali m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri, kupitirira nyumba zomaliza, pamene mitengo ya paini imayambira. Ndinkapita wapansi m'mamawa, n'kumapatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu.

Tsiku loyamba adokotala anandikhazika pabenchi n'kundifotokozera pang'onopang'ono. Anati nkhuku iliyonse imaswedwa ndi malangizo m'thupi mwake, ochokera kwa tambala ndi thadzi. Pa malangizowo pali limodzi limene ntchito yake ndi kuuza minofu kuti basi, mwakula mokwanira, imani pomwepo. Iwo sankalichotsa langizolo. Ankangolitseka pakamwa kuti minofu isalimve. Ankachita zimenezi dzira lisanaswe. Ankaliunika ndi tochi m'chipinda chamdima, kuboola kabowo, kulowetsamo timadzi toyera ndi singano yopyapyala, n'kumata ndi phula. Akatero dziralo linkabwerera m'makina ofungatira.

"Wamva?" anandifunsa.

"Ndamva, adokotala."

"Wamvadi, kapena ukungofuna kundisangalatsa?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anaseka n'kuyambiranso poyamba.

Anapiye ataswa tinawaveka timphete ta manambala kumwendo. Ochokera m'mazira obayidwa anavala tofiira, enawo tobiriwira. Ntchito yanga inali kudyetsa, kusintha utuchi, kuyeza nkhuku iliyonse pasikelo Lolemba ndi Lachinayi, ndi kulemba zonse m'buku. Lamulo lalikulu adokotala analibwereza katatu. Nkhuku isatuluke pageti, yamoyo kapena yakufa. Ikafa ndiziika mufiriji kuti iwo adzaione. Magetsi akazima iwo kulibe, ndiiyeze, ndilembe, ndiiotche mumgolo mpaka isanduke phulusa. Munthu asadye ngakhale phiko.

Mlonda wa pamalopo anali bambo wachikulire wochokera cha ku Phalombe. Tsiku limene ndinaotcha nkhuku yoyamba anabwera kudzaima pafupi ndi mgolo, manja ali kumbuyo.

"Aphwanga, mukuotcha ndiwo? Kumwamba akukuonanitu."

"Ndi lamulo, abambo."

"Eya. Lamulo la anthu okhuta."

Pofika sabata yachinayi kusiyana kunali koonekeratu. Za mphete zobiriwira zinali nkhuku monga nkhuku, zopalasa, zojomphana. Za mphete zofiira zinatambasuka nganga mpaka miyendo inatangadza. Zinkayenda ngati munthu wokumbatira thumba la simenti. Ikaponda katatu kanayi inkakhala pansi, kukamwa yasa. Sizinkalira kawirikawiri. Ukalowa mbali yawo unkangomva kupuma, nkhuku zambirimbiri zikupumira m'mwamba nthawi imodzi. Manambala a m'buku anali okondweretsa adokotala, koma ine ndinkafulumira kutulukamo.

Nthawi yomweyo achemwali anali oyembekezera. Anali atadikira zaka zinayi, ndipo kawiri konse zinapita padera. Kwathu mwamuna satchula za pakati pa mlongo wake. Umaona ndi maso, n'kukhala chete mpaka mwana alire. Choncho ine ndinkangomva zinthu m'mbali. Ndinawamva akuuza mnzawo pampopi kuti usipa ukuwanyansa, kuti akulota nkhuku. Inali nyengo ya mvula, mipando ya alamu sinkayenda malonda, ndipo nyama inali isanalowe m'nyumbamo kuyambira pa Khirisimasi.

M'mwezi wa Malichi adokotala anapita ku Lilongwe sabata yathunthu. Atangochoka magetsi anazima masiku awiri, ndipo jenereta inali yosungira makina ofungatira okha. Lachitatu masana ndinapeza nkhuku ya mphete yofiira, yaikulu kuposa zonse, itagwera cham'mbali. Inkapalasa utuchi ndi mwendo umodzi, kumutu kukuyamba kuda. Inali ikadali moyo.

Kwathu nkhuku ikayamba kugwa saidikira. Yofa yokha sidyedwa, ndiye mwana aliyense amakula akudziwa kuthamangira mpeni. Amayi akangokuwa kuti mpeni, umasiya chilichonse chimene wagwira. Sindikukumbukira kuti ndinaganiza kanthu. Ndinangozindikira ndili kuseri kwa khola, phazi lili pamapiko, magazi akulowa m'dothi.

Ndinaima nayo m'manja nthawi yaitali. Ikanafa yokha ndikanaiotcha osavutika mumtima, monga ndinachitira ndi zina. Koma iyi inali yozinga bwinobwino. M'maso mwanga sinalinso nambala ya m'buku, inali ndiwo, ndipo kuponya ndiwo pamoto pamene achemwali akulota nkhuku kunandikanika. Ndinayatsa moto mumgolo n'kuotchamo nthenga, mutu, miyendo ndi matumbo. M'buku ndinalemba kulemera kwake, kenako mawu awiri: yafa, yaotchedwa. Mnofuwo ndinaukulunga m'jumbo n'kuuika pansi pa chikwama changa.

Pageti mlonda anayang'ana chikwama, n'kuyang'ana utsi.

"Utsi wa lero ukununkha nthenga zokhazokha," anatero. Kenako anatsegula geti.

Kunyumba ndinanama kuti adokotala andipatsa. Alamu anainyamula m'mwamba ndi manja awiri.

"Alamu, nenani zoona. Iyi ndi nkhuku kapena mwana wa mbuzi? Kuphiriko mukuweta chiyani?"

Achemwali anaseka mpaka kugwira chitseko. Anaiphika ndi tomato ndi anyezi. Ine ndinati ndadya kale kuntchito. Alamu anatenga ntchafu imodzi n'kunena kuti zotsalazo ndi za mwini nkhuli. Nganga ija achemwali anaidya masiku awiri. Ndivomereze kuti masiku amenewo ndinali wokondwa. Kwa nthawi yoyamba ndinali nditabweretsa kanthu m'nyumbamo.

Adokotala atabwerako anawerenga buku, n'kugwedeza mutu pa nambala ija, osafunsa zambiri. Sabata yomweyo nkhuku zina zitatu za mphete zofiira zinagwa. Imodzi anaitumbula patebulo pamaso pa ophunzira awo awiri, ine nditagwira beseni. M'mimba munatuluka madzi achikasu. Mtima unali wotupa, wofewa. Nganga inali yolimba, ya mizere yoyera. Anati mnofu wathamanga kusiya mtima m'mbuyo, ndipo ndicho chimene ayenera kuchimvetsa asanauze mlimi aliyense kuti njirayi ndi yabwino.

Mmodzi mwa ophunzirawo, mtsikana wa magalasi, anafunsa kuti, "Madamu, langizo limeneli lili mwa nkhuku zokha?"

"Ayi. Ng'ombe zili nalo, agalu ali nalo. Inu ndi ine tili nalo. Mwana akadali m'mimba limakhala litayamba kale ntchito."

Ndinaika beseni pansi n'kunamizira kumanga chingwe cha ovolosi.

Patapita masiku ochepa achemwali anachokera kusikelo. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale, iwo ali pakhonde ndi mnzawo uja.

"Anamwino akuti ameneyu ndi wamkulu," anatero achemwali. "Akuti kodi amuna anu amakudyetsani chiyani?"

Onse awiri anaseka. Ine mbale inandipulumuka.

Kuyambira pamenepo sindinakhalenso ndi tsiku labwino. Lolemba ndi Lachinayi ndinkayeza nkhuku, manambala n'kumakwera. Madzulo ndikafika ndinkaona achemwali akudzuka pampando atagwira msana, kuyenda pang'ono, kukhalanso pansi akupumira m'mwamba. Ndinkadziwa kuti amayi onse oyembekezera amatero. Ndinawaonapo ambiri kumudzi. Koma kudziwako sikunandithandize. Ndinkaganiza za mwana amene thupi lake silidzamva mawu akuti basi, akukula m'malo mopanda potulukira. Achemwali sindikanawafunsa, chifukwa nkhaniyo si yotchula mlongo. Adokotala sindikanawafunsa popanda kudziulula.

Tsiku lina ndinayesa kuzungulira. Ndinafunsa wophunzira winayo, wamwamuna, tikusenza matumba a chakudya cha nkhuku, kuti kodi munthu atadya imodzi mwa zofiirazi chingachitike n'chiyani.

"Bwanji, mwadya?" anatero akuseka. "Tiyeni tikuyezeni pasikelo, tione ngati mwayamba."

Ndinasekera limodzi naye, ndipo sindinafunsenso.

Kumapeto kwa Epulo gulu loyamba linatha. Nkhuku zonse zinaphedwa, adokotala n'kudula timinofu toika m'timabotolo, zotsala tinaotcha masiku awiri. Utsi unkatsetsereka ndi phiri kulowera kutauni. Titamaliza anandiitana muofesi. Ankatsegula masamba a buku langa limodzilimodzi.

"Sindinakhalepo ndi munthu wolemba mwaudongo chonchi," anatero. "Palibe pofufuta, palibe tsiku lodumpha. Gulu lachiwiri ndikufuna iwe yemwe."

Akanandikalipira pa kanthu kena mwina ndikanapirira. Kuyamikako ndi kumene kunandithyola.

"Adokotala, pali nambala imodzi yabodza."

Anakweza mutu.

"Ya Lachitatu lija munali ku Lilongwe. Sinafe yokha. Ndinaizinga. Sinaotchedwe yonse."

"Unagulitsa?"

"Ayi."

"Anadya ndani?"

"Achemwali anga." Mawu otsatirawo ndinali ndisanawatulutsepo pakamwa panga. "Ali ndi pakati. Kusikelo akuti mwana ndi wamkulu."

Anavula magalasi. Kunja mlonda ankakolopa mgolo ndi fosholo. Kenako anayankhula mofatsa. Anati timadzi tija tinalowa m'dzira kalekale, ndipo nyama ikaphikidwa n'kulowa m'mimba mwa munthu imagayidwa monga chakudya china chilichonse. Iwo sankaona njira yoti zinthu zimenezo zifike kwa mwana. Anatinso ana aakulu amabadwa tsiku lililonse kwa amayi amene sanaonepo nkhuku zawo.

"Ndiye palibe choopsa?" ndinafunsa.

"Sindikuchiona. Koma sindingakulumbirire, chifukwa nkhuku zimenezi sitinamalize kuziyesa. Lamulo lija linaikidwa pa chifukwa chimenecho." Anavalanso magalasi. "Mwini thupi ayenera kudziwa chimene anadya. Tipita limodzi Loweruka."

Ndinagwada. Ndinawapempha kuti andichotse ntchito, andichite chilichonse, koma kunyumba asapite. Anandiuza kuti ndidzuke, pansi pali mankhwala.

Loweruka masana galimoto yawo inaima pamene msewu umathera, tinatsiriza wapansi pakati pa maokala ndi zingwe zoyanikapo zovala. Kunyumba tinapeza amayi awo a alamu, amene anali atabwera kuchokera kumudzi kudzadikirira mpongozi wawo. Anayala mphasa pakhonde. Adokotala anapatsidwa mpando wabwino, wa alamu womwe, wosagulidwa. Ine ndinakhala pansi chapatali.

Adokotala anafotokoza zonse, osandinamizira ndiponso osandibisa. Ananenanso kuti mbali ina ya mlandu ndi yawo, posiya munthu mmodzi yekha sabata yathunthu. Anabwereza kuti sakuona choopsa. Oyamba kuyankhula anali apongozi a achemwali.

"Amayi, ine sindinapite kusukulu, mundithandize. Mwati nyamayo ilibe vuto?"

"Sindikuona vuto, amayi."

"Nanga bwanji mumaiotcha?"

"Chifukwa sitinamalize kuiyesa."

"Ohoo. Ndiye mwamalizira pa mpongozi wanga."

Alamu ankangoyang'ana zikhadabo zawo. Achemwali anali atatsamira khoma, miyendo itawongoka, manja ali pachitenje. Sanayang'ane adokotala. Anayang'ana ine.

"Achimwene, inu munadyako?"

"Ayi, achemwali."

"Chifukwa?"

"Ndinkafuna ikukwanireni."

"Kapena munkadziwa."

Funso limenelo ndinali nditadzifunsa kale ndekha kambirimbiri pokwera phiri, ndipo mpaka lero sindinganene motsimikiza kuti munalibe kamantha mwa ine tsiku lija ndinakana mbale.

Adokotala analemba kalata yoti achemwali akapereke kwa anamwino kusikelo. Atachoka, alamu ananditengera kuseri kumene ankapalira matabwa.

"Alamu, sindikukuthamangitsani," anatero. "Koma amayi akakuonani mtima ukuwathamanga, ndipo mlongo wanuyu safunika phokoso panopa. Pezani kokhala mpaka tione."

Ndinapinda mphasa yanga tsiku lomwelo. Mkulu wa kutchalitchi uja anandilandira kwawo ku Sadzi, osandifunsa zambiri, ngakhale kuti ndi iye amene anandilonjezera kwa adokotala kuti ndine wokhulupirika. Ntchito inatha. Adokotala anayenera kukanena kwa akuluakulu awo, ndipo gulu lachiwiri linapatsidwa munthu wina.

Meyi ndi Juni ndinakhala ndikudikira. Kunabwera chiperoni, phiri n'kumasowa m'nkhungu masiku atatu anayi. Ndinkalima dimba la mkulu uja ndi kutunga madzi. Nkhani inali itayenda kale. Tsiku lina pamsika ndinaima kumbuyo kwa amayi awiri osandidziwa. Wina ankauza mnzake kuti ku Chikanda kuli mayi amene anadyetsedwa nkhuku ya jakisoni ndi mchimwene wake weniweni, ndipo mwana watupa moti madokotala akuopa. Mnzakeyo anati iye anamva kuti ndi mapasa omatana. Ndinasiya tomato amene ndinasankha n'kuchokapo.

Adokotala anandifunafuna kamodzi mpaka anandipeza. Anati alankhula ndi anamwino, ndipo zonse zikuoneka bwino, kuthamanga kwa magazi kuli bwino, mwana wagona bwino. Ndinathokoza. Atachoka mantha anabwerera pamalo pake. Ndinali nditaona nkhuku zikuoneka bwino Lolemba, Lachitatu n'kugwa.

Ndinamva kwa akazi a mkulu uja kuti masiku a achemwali ndi kumapeto kwa Juni. Juni anatha. Panapita masiku atatu, anayi, asanu. Tsiku lililonse ndinkayenda mpaka pakona ya kanjira kolowera kwawo, n'kuima kuseri kwa okala ya makala. Ndinkayang'ana ngati pakhomo pali anthu ambiri, ngati pali amayi okhala pansi atafunda zitenje kumutu. Ndikaona utsi wa mbaula wokha ndinkabwerera. Ndinkapemphera mapemphero osalongosoka. Ndinkati ngati pali choti chigwe, chigwere ine amene ndinagwira mpeni.

M'mawa wina wa tchuthi ndinali m'dimba. Wailesi ya oyandikana nawo inkaimba nyimbo za chikondwerero. Ndinamva njinga ikuima pampanda. Anali alamu. Maso anali ofiira, malaya adzulo, kolala itapindikira m'kati. Anatsamiritsa njinga n'kundiyandikira.

"Ndipatseni madzi akumwa," anatero.

Ndinathamanga kukatunga. Anamwa kapu yonse, n'kupempha ina. Ndinkayang'ana kukhosi kwawo madzi akutsika, ndikuopa kufunsa.

"Zinayamba dzulo masana," anatero. "Avutika. Anamwino anafika pokonza zoti apite nawo kumpeni."

"Ndiye?"

"Achira. Okha, popanda mpeni. Mwana wamkazi."

Ndinakhala pansi pamzere wa mpiru.

"Ndi wamkulu?"

"Ndi mwana, alamu. Ngati ana ena onse a m'chipindamo. Woyandikana naye bedi ndiye chimwana, ndipo mayi wake akuti nkhuku sadya, imamutulutsa ziwengo." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Makutu ndi anu. Tsoka lake."

Ndinalira pamaso pawo, ndipo anandisiya ndilire. Kenako anati miyendo yawo yatha, akufuna akagone pang'ono. Kunyumba mnzawo wa achemwali waphika phala, lili m'fulasiki. Nditenge njingayo ndikapereke kuchipatala.

Amuna sankaloledwa kulowa m'chipinda cha amayi ochira. Ndinaima pakhomo mpaka apongozi a achemwali anatuluka. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Analandira fulasiki ndi manja awiri n'kulowa. Ndinali nditatembenuka kale pamene anatulukanso.

"Mlongo wanu akuti mwabweretsa phala lopanda supuni," anatero. "Akuti mubwerere mukatenge, ndipo mubwere ndi chitenje chobiriwira chili pamwamba pa sutikesi."

Ndinapalasa njinga kubwerera ku Chikanda. Nkhaniyi inathera pamenepo, pa 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, nthawi itangopitirira pang'ono teni koloko m'mawa.